Nyali ya Pabwalo la Amake Tereza

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji? Mawondo aja anasiya kukuvutani?

Ndine mwana wanu Fabiano, kuno kwa Mauwa. Chichokereni inu papita zaka zinayi, ndipo nkhani zaunjikana moti sindikudziwa poyambira. Ndiyambe ndi zabwino. Inu munthu akafika pakhomo nkhope ili yogwa munkamuuza kuti, "Yambani mwamwa madzi, zoipazo muzinena mutakhala pansi."

Tereza, mdzukulu wanu uja munkamuluka tsitsi akulira, anakwatiwa. Mwamuna wake ndi Yohane, telala wa pa Namadzi, munthu wofatsa, wosamwa. Chaka chatha mu Okutobala anabereka mwana wamkazi ndipo anamutcha dzina lanu, Malita. Pano akukwawa. Watenga chipumi chanu, ndipo ukamulanda supuni amakuyang'ana nthawi yaitali osaphethira, monga munkachitira inu ndi wogulitsa usipa akachepetsa mulu. Tereza ndi banja lake akukhala kuseri kwa nyumba ino, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Denga lake ndi laudzu ndipo limadontha pakona.

Chimanga chaka chino sichinachite bwino. Mbozi zinalowa chikadali chaching'ono, feteleza tinathira mochedwa. Nandolo yekha ndiye wabereka, wayamba kuuma. Mbuzi yamawangamawanga ija munapatsa Tereza inafa ndi ukalamba, koma yasiya ana ndi zidzukulu, zonse zakuba ngati mayi wawo. Kwathu kwa Kadewere achemwali Aginesi ali bwino, kupatula kuthamanga kwa magazi. Nyumba yanu chipupa chakumbuyo chinagwa ndi mvula yamphamvu, koma chipinda chakutsogolo chilipo. Akusungiramo makasu ndi nkhuku.

Madzi aja mwamwa, Amayi. Tsopano ndinene.

Mpongozi wanu kulibe. Amake Tereza, Lusiya wanga, anatisiya mu Febuluwale. Shuga uja munamusiya akuyamba anawalowa m'maso, kenako anagwira impso. Anagona sabata zitatu kuchipatala cha mishoni. Masisitere ndi madokotala anayesetsa, sindingawanenere choipa. Tinawaika kuseri kwa mabulugama, pafupi ndi mayi awo. Ndimapitako m'mawa uliwonse ndisanalowe m'munda. Sindipemphera nthawi zonse. Masiku ena ndimangozula udzu n'kubwerako.

Mukukumbukira bwalo la simenti lija ndinakonza kutsogolo kwa khonde, loyanikapo chimanga? Munati ndawononga simenti, mphasa zikanakwana. Bwalo limenelo linasanduka sitolo ya amake Tereza. Akabwera kumsika wa Namadzi dzuwa litapendeka, ankayala tomato wa mawa pamenepo n'kuyamba kusankha: wakupsa uku, wosapsa uko, wophwanyika wa ndiwo zathu. Mdima ukagwa ankaluma foni pakamwa kuti tochi yake iunikire, manja onse ali pantchito. Maso atayamba kuchita chifunga, tomato woola ankalowa m'mulu wabwino. Tsiku lina mayi wina anawabwezera mulu wonse pamaso pa anthu. Atabwera kunyumba, chakudya anangochikhudza.

Pagolosale ina pa Namadzi pali nyali yaikulu ya sola, yomwe imawalitsa khomo lonse. Tikamadutsa pamenepo ankandikoka malaya.

"Bambo a Tereza, mwaiona? Ija ndiyo nyali. Osati kandulo zanu zija."

Ine ndinkayankha kuti, "Tikakolola."

Ndinanena mawu amenewo zokolola zitatu. Chaka china tinagula malata a khitchini, china kunali ukwati wa Tereza, china sindikukumbukira n'komwe chimene chinadya ndalamazo. Kachitatuko anaseka, nati, "Inu mudzandigulira maso atatha." Ndinaseka nawo, Amayi. Ndinaseka.

Ndinaigula sabata yachiwiri ali m'chipatala. Ndinagulitsa tonde, ndinakwera njinga mpaka pa Namadzi, n'kubwera nayo m'katoni. Mawa lake ndinakawauza kuti ndikaikhoma tsiku lomwelo kuti akadzatuluka adzaipeze ikuyaka. Anali atafooka kwambiri, koma anatukula chala.

"Musaike ndisanabwere. Mudzaika mokhota ngati shelefu ija. Ndidzaima pansi ine, ndizikuuzani."

Katoniyo inakhala pansi pa bedi miyezi isanu. Ndikamasesa ndinkaizungulira.

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa ndinu munandichenjeza. Tsiku limene ndinamaliza kufolera nyumba ino ndi malata munabwera kudzaona. Munaizungulira kawiri, munagogoda chitseko, kenako munanditengera pambali. Munati, "Nyumba yabwino, mwana wanga. Koma dothi ili ndi la eni ake, iwe ndiwe mkamwini. Njira ya kwanu usaiiwale." Ndinakwiya tsiku limenelo. Ndinaona ngati mukulodza ukwati wanga. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala pamudzi uno, ndakumba nawo manda, ndakonza nawo mjigo, ana a eni mudzi amanditcha agogo. Ndinaiwala kuti amene anandibweretsa kuno ndi munthu mmodzi, ndipo akachoka iyeyo ine ndilibe pogwira.

Sabata yatha a Kasiyano, achimwene awo a amake Tereza, amene ndi mwini mbumba, anatuma uthenga kuti Loweruka kukhala kusudzula, mwambo wondimasula ku ukwati, ndiitane abale anga. Ine kuchoka sindinkafuna, Amayi. Nyumba sindinkaiumirira, ndikudziwa ndi ya Tereza. Ndinkangofuna kudzuka m'mawa n'kuyenda pang'ono kukafika kuseri kwa mabulugama.

Lachitatu ndinatulutsa katoni ija. Ndinaganiza kuti ndikapita osaiika, idzawolera pansi pa bedi, kapena wina adzaigulitsa. Ndinakabwereka makwerero kutchalitchi. M'katonimo munali nyaliyo, yaikulu ngati thireyi, panelo yake yotapa dzuwa, waya wautali, mabawuti anayi, ndi karimoti. Wogulitsa anandiuza kuti panelo iyang'ane cha kumpoto, kumene dzuwa limadutsa masana, ndipo pasakhale mthunzi. Ndinayamba ndadula nthambi imodzi ya mango aja ndinadzala chaka chobadwa Tereza. Panelo ndinaimanga pamwamba pa malata. Nyali ndinafuna ikhale pathabwa la m'mphepete mwa denga la khonde, pakati penipeni, kuti iunikire bwalo lonse mpaka pamene njira imalowera. Choboolera ndinalibe, ndiye ndinkayamba bowo ndi msomali ndi hamala, n'kumalowetsa bawuti ndi sipanala ya njinga.

Ndili pamwamba, bawuti ina ili pakamwa, makwerero anayamba kutsetsereka pasimenti. Ndinangomva njinga ikugwa pansi, munthu n'kuwagwira. Anali a Kasiyano.

"Alamu! Mukufuna tikakusudzulireni kuchipatala? Makwerero amaimika chonchi?"

"Ndimati ndingokhoma kanthu aka."

"Kanthu? Chinyali cha pabwalo la mpira ichi mukuti kanthu? Nkhuku za mudzi uno zigonanso?"

Ndinapitiriza ntchito yanga. Anaponda phazi pamtanda wapansi, natsitsa mawu.

"Alamu, anthu ali ndi maso. Loweruka ndi mtondo uno, inu mukukhoma misomali. Kumjigo ayamba kale kunena kuti mkamwini akuzika mizu, akufuna kukangamira nyumba ya ana. Ine ndikawayankha chiyani?"

Ndinachotsa bawuti pakamwa. Ndinati, "Anapempha ndi mlongo wanu. Kale."

Anaweramitsa mutu. Ndinkangoona dazi lawo pansipo. Kenako anasiya makwerero ndi dzanja limodzi, napendeketsa mutu kuyang'ana m'mwamba.

"Kumanzereko kwatsika. Kwezani. Kwezaninso. Ayi, mwapyola! Inu a Fabiano, maso muli nawowo ndi a ntchito yanji?"

Amayi, anthu obadwa mimba imodzi amakalipa mofanana. Mawu omwewo a Lusiya, kakwezedwe komweko pa dzina langa. Ndinagwira thabwa ndi manja onse awiri n'kutsamiza chipumi pamalata otentha. Anagwira makwerero mpaka bawuti yachinayi, anandithandiza kukhomerera waya m'mphepete mwa phaso, kenako anadzutsa njinga yawo n'kumapita osatsanzika.

Madzulo ake, dzuwa litangolowa, ndinatulutsa mpando n'kukhala pakhonde. Ndikuukoka, nyali inayaka. Sindinaonepo khomo langa chotero. Bwalo lonse linayera mbee, ming'alu ya simenti ikuoneka umodzi umodzi, mpaka nyerere. Panaonekanso bwino lomwe banga lakuda pamene dengu la amake Tereza linkakhala, pomwe madzi a tomato anadya simenti. Munthu akanatha kusankha ngakhale mpunga. Ndinakhala n'kumayang'ana.

Patapita kanthawi kochepa inazima.

Ndinaganiza kuti ndalumikiza molakwa. Nditaimirira kuti ndikaone, inayakanso. Nditakhala pansi, inadikira pang'ono n'kuzima. Apa m'pamene ndinakumbukira zimene wogulitsa uja ananena ine maganizo ali kuchipatala: ili ndi kadiso pansi pake, imayaka ikaona chinthu chikuyenda, ndipo pakakhala bata imazima kuti isunge batire. Ine chimwalirire amake Tereza ndikakhala pampando ndimangoti phee. Nyaliyo inkaona ngati pakhomo palibe munthu.

Ndili mumdimamo, Tereza anatulukira pakona ndi mbale ya chakudya, Malita ali kumbuyo. Nyali inawayakira mwadzidzidzi, mwana n'kuyamba kuseka, akutambasula manja.

"Bambo! Mwaiika? Nanga mwakhaliranji mumdima nyali ilipo?"

"Ine simandiona."

Anaika mbale pansi, natenga karimoti ndi kapepala kake, n'kuwerenga. Anati pali batani loti ukadina imayaka osazima mpaka batire itatha. Ndinamuuza kuti asiye momwemo. Ndinati, "Mayi ako ikanawayakira osadina batani. Sankadziwa kukhala malo amodzi." Anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga, natsamira bondo langa ngati ali mwana. Titangoti phee tonse, inazima. Malita atagwedeza mwendo inayaka. Tinaseka, kenako Tereza analira, ine ndinayang'ana kumbali.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinakhalanso pamenepo madzulo. Apa pali chinthu chimene sindinauze munthu aliyense. Nyali ija imaona mpaka pamene njira ya ku Namadzi imalowera pakhomo. Ikayaka mwadzidzidzi ine ndili phee, mtima unkadumpha ndisanaganize, maso n'kuthamangira kunjirako kukafuna munthu wosenza dengu. Inali mbuzi. Kenako galu wa aneba. Kenako pepala la pulasitiki louluka ndi mphepo ya mwezi uno. Lachisanu lokha ndinaimirira kasanu ndi kamodzi. Mutu umadziwa kumene tinawaika, ndinaponya nawo dothi ndi dzanja langa. Koma miyendo siimva.

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo lomwelo. Amayi a pamudzi anaphika thobwa. Achemwali Aginesi anabwera ndi ankhoswe athu. Anayamba ndi pemphero, kenako anatulutsa zovala za malemu n'kugawa: zitenje, nsapato za ku Misa, juzi yobiriwira ija munawalukira inu. Dengu anapatsa Tereza. Kenako a Kasiyano anaimirira, chipewa chili m'manja.

"A Fabiano, mlongo wathu munamusunga. Sanabwerepo kwa ine ndi chilonda kapena ndi njala. Podwala munamusambitsa nokha, tinaona. Mlandu ndi inu tilibe. Lero takumasulani. Mukafuna kukwatira, kakwatireni, palibe adzakulondolani. Nyumba ndi munda, monga mudziwa, ndi za mwana wathu Tereza."

Anthu anaomba m'manja pang'onopang'ono, mwa mwambo. Tereza sanaombe. Anadzuka mwana ali m'manja.

"Malume, ndiye bambo anga apite kuti? Kwawo agogo anamwalira. Akakhale ndi nkhuku?"

"Khala pansi, iwe, palibe akuwathamangitsa."

Mayi ake aang'ono a Lusiya, gogo wosabisa mawu, analankhula ali chikhalire pamphasa. "Tisanamizane pano. Mwamuna uyu ndi wamphamvu zake, mano onse alimo. Chaka chamawa adzafuna womuphikira. Ndiye mkazi wachilendo adzalime dothi la amayi athu? Zinachitikapo kuti?"

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Aginesi anafuna kuyankha, ndinamugwira mkono. A Kasiyano anakweza dzanja, nati anaganizapo kale. Tereza ndi mwamuna wake alowe m'nyumba yaikulu. Ine ngati ndikufuna, nditenge kanyumba ka kuseri kaja, ndizilima kachigawo ka kudimba, malinga ndisabweretse mkazi pamudzi. "Zimenezi sitichitira aliyense, alamu. Yankhani nokha."

Ndi zimene ndinkapempha Mulungu miyezi isanu, Amayi. Anandipatsa m'manja. Anthu onse anatembenukira kwa ine, Tereza akugwedeza mutu kuti ndivomere. Ndinayang'ana Yohane, atakhala panjerwa kumapeto kwenikweni, mawondo pamodzi, osayerekeza kutsokomola, monga ndinkakhalira ine chaka changa choyamba. Kenako ndinayang'ana kunjira kuja. Ndinadziona chaka chamawa ndi chinacho, nditakhala pakhomo pa kanyumba kaja madzulo, kuwala kukangoti ng'ani pakona ya nyumba ine n'kudzambatuka. Ndinaona Malita akukula akudziwa agogo ake ngati munthu wodikira mbuzi. Lusiya akanandikalipira koopsa.

Ndinati, "Zikomo alamu, mwandilemekeza. Ndichotse kaye nandolo m'munda, kenako ndizipita kwathu."

Tereza anati, "Bambo!" Anangonena mawu amodzi omwewo, nalowa m'nyumba. Mpaka lero sakundiyankhula bwino. Chakudya amabweretsa, amaika, n'kubwerera. Ndikudziwa kuti zidzatha, koma zikuwawa.

Anthu atayamba kubalalika, a Kasiyano anabwera kudzatchula katundu amene ndi wanga woti ndidzanyamule: njinga, wayilesi, makasu awiri, bulangete, mbuzi imodzi. Kenako analoza kudenga ndi chipewa.

"Ndi chinyali chanucho. Mudzandiitane, ndidzagwira makwerero. Nokha mudzathyoka khosi."

"Nyaliyo si yanga, alamu. Ndi ya pabwalo pano."

Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kansalu, namina, nati fumbi la chaka chino ndi loipa.

Dzulo ndinamuonetsa Yohane kapukutidwe ka panelo. Fumbi likachuluka nyali imafooka, pamafunika nsalu yonyowa kamodzi pa sabata. Ndinamuuzanso kuti nthambi ya mango ija ikaphuka aziidula, ndipo makwerero asamaimike yekha pasimenti. Anamvetsera ngati ali m'kalasi. Akuti madzulo azitulutsira makina ake pabwalo, azimalizitsa mayunifolomu a ana asukulu. Phazi lake silipuma pa makinawo, ndiye iyeyo nyali izimuona.

Choncho ndikubwera, Amayi. Nandolo akatha, mwina kumayambiriro kwa Seputembala. Aginesi akuti asamutsa nkhuku, ndipo wandipatsa mizere ingapo kumunda wanu wa kumtunda. Chipupa chija ndidzaumba njerwa ndekha mvula isanayambe. Munkati mwana wamwamuna amabwera kwawo kawiri, kudzaonetsa mkazi ndi kudzaonetsa imvi. Ndinkayesa nthabwala zanu za masiku onse.

Sindikudziwa ngati kumeneko anthu amaonana. Abambo mfumu amati inde. Ngati mumakumana ndi mpongozi wanu, musawauze zambiri. Mungoti ndinachedwa, ndipo ndikudziwa.

Chimene chikundiopsa si chipupa kapena munda. Ndi m'mawa woyamba kwa Kadewere, pamene ndidzadzuke, n'kuvala nsapato, n'kupeza kuti kuseri kwa mabulugama kwatalika. Ndidzabwera kwa inu. Ndidzalambula pamanda panu, mtanda ndidzaupaka utoto mwezi wa Novembala usanafike, zimenezo ndalonjeza. Koma masiku oyambawo musadabwe ndikangofika n'kukhala pansi osanena kanthu. Mundilole ndikhale pamenepo mpaka dzuwa litakwera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fabiano